Funsani Adokotala: Kodi mafuta a m'thupi amatupa?

Makalata ambiri a mwezi uno akukamba za kunenepa. Mwina n'chifukwa chakuti tangotuluka m'nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe, malamba ayamba kuthina. Ndasankhapo asanu, ndipo ena ndawadula pang'ono kuti akwane, eni ake mundikhululukire. Ndiululiretu kuti amene akukuyankhaniyu nayenso ali ndi kamimba kake, komwe kanayamba kutsogola atangosiya njinga n'kugula galimoto. Ndiye musamve ngati ndikukulalikirani ndili paguwa.

Adokotala, ndine mayi wa zaka 46, ndimagulitsa zitenje mumsika. Ndimalemera makilogalamu 94. Mwezi watha ndinakayezetsa chifukwa ndimangotopa, ndipo anandiuza kuti shuga wanga ali m'malire, sanafike poti ndi matenda koma akulowera komweko. Amene anandiyezayo anati mafuta a pamimba panga akutupa, ndipo ndi amene akusokoneza shuga. Ine sindikuona chotupa chilichonse, palibe pakuwawa kapena kutentha. Mafuta amatupa bwanji? Kapena amangofuna kundiopseza?
*Mayi wa zitenje, Lilongwe*

Mayi, sanakuopsezeni ayi. Mawu akuti kutupawo ndi amene akusokonezani, ndipo mpake. Ife tikati kutupa timaganiza za chithupsa, kapena chala cholasidwa ndi minga: chafiira, chatentha, chikugunda usiku wonse. Asilikali a m'thupi athamangira pamalo amodzi, amenya nkhondo masiku atatu kapena anayi, mafinya atuluka, nkhani yatha. Kumene akunena achipatalawo asilikali ake ndi omwewo, zida zake ndi zomwezo, koma nkhondo yake ndi yapansipansi ngati moto wa utuchi, wosaonetsa malawi koma wosazimanso. Umatha zaka munthu osamva kalikonse.

Ndili pasukulu ya zachipatala, mafuta tinkawaphunzira ngati nkhokwe basi. Chakudya chikatsala thupi lisunga, njala ikafika litapamo. Ndi ochepa amene ankaganiza kuti nkhokweyo imalankhula. Zinasintha m'chaka cha 1993, pamene Gökhan Hotamisligil, wochokera ku Turkey, ndi Bruce Spiegelman, akugwira ntchito ku Boston, anapeza kuti mafuta a mbewa zonenepa kwambiri akutulutsa TNF-alpha wochuluka. TNF-alpha ndi uthenga umene asilikali a m'thupi amatumizirana kukabuka nkhondo. Atautsekereza m'makoswe onenepa, insulini, imene imatsitsa shuga m'magazi, inayamba kugwirako bwino ntchito. Chaka chotsatira Jeffrey Friedman wa ku Rockefeller University ku New York anapeza leptin, homoni imene mafuta amatumiza ku ubongo kukanena kuchuluka kwa zomwe zasungidwa. Ife mbewa timazidziwira pakamtengo m'mbali mwa msewu, anzathuwo zawo zinawatsegula maso.

Selo la mafuta lili ngati kajumbo kokhala ndi dontho limodzi lalikulu la mafuta. Munthu akakula, chiwerengero cha timajumbo timeneti sichisintha kwenikweni. Kirsty Spalding ndi anzake ku Stockholm anaonetsa mu 2008 kuti chaka chilichonse pafupifupi selo limodzi pa 10 alionse limafa n'kulowedwa m'malo ndi latsopano, koma chiwerengero chonse chimakhala chomwecho. Ndiye tikamadya zoposa zimene thupi likugwiritsa ntchito, kwakukulu timajumbo tomwe tilipoto ndi timene timafufuma. Selo likafufuma kwambiri limatalikirana ndi timitsempha ta magazi tomwe timalibweretsera mpweya, ndipo limayamba kubanika.

M'kati mwake namonso zinthu zimathina. Inu mumagulitsa zitenje, ndiye atelala a pakhonde mumawadziwa bwino kuposa ine. Taganizirani telala sabata yotsegulira sukulu. Mayunifolomu aunjikana, wina wabwera ndi diresi la ukwati wa Loweruka, wina akufuna zovala za bungwe la amayi. Makina ndi amodzi. Posakhalitsa makolala ayamba kupindika, mkono wina wautali wina waufupi. Selo lililonse lili ndi telala wake, dzina lake endoplasmic reticulum. Mapuloteni amafika kwa iye ngati nsalu yosasoka, ndipo ayenera kuwapinda bwino kuti agwire ntchito. Katundu akachuluka, olakwika amayamba kuunjikana. Poyamba selo limachita zomwe telala wanzeru amachita: limayamba laleka kulandira nsalu zatsopano, limaitana othandiza, limataya zomwe zaonongeka. Zikatheka, bwino. Koma katundu akamangobwera miyezi ndi miyezi, selo limayamba kukuwa, ndipo mfuu yakeyo imadzutsa njira zomwe zija za nkhondo. Zikafika poipitsitsa limadzipha lokha. Umut Özcan pamodzi ndi Hotamisligil yemwe uja ndi amene anaonetsa mu 2004 kuti kupanikizika kwa telalayu kumachitika m'mafuta ndi m'chiwindi cha mbewa zonenepa, ndiponso kuti kumagonthetsa selo kuti lisamve insulini.

Selo la mafuta likafa silingangosowa, chifukwa lasiya dontho lalikulu lija lomwe wina ayenera kukolopa. Ntchito imeneyi ndi ya asilikali otchedwa ma macrophage, omwe amameza zinyalala ndi tizilombo. Amabwera n'kuzungulira selo lakufalo. Saverio Cinti wa ku Ancona ku Italy, amene anazifotokoza mu 2005, anati zimaoneka ngati chisoti chachifumu. Ine nditaona chithunzi chake ndinati iyi ndi nkhata, yomwe mayi anga ankasenzera mtsuko. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, gulu la Anthony Ferrante ku Columbia University linali litawerenga asilikaliwa. M'mafuta a munthu wochepa thupi safika 10 pa maselo 100 alionse, koma mwa munthu wonenepa kwambiri amayandikira 40.

Obwera kudzathandiza pamaliro amayamikika, koma akakhalitsa amamaliza nkhuku za pakhomo. Asilikaliwa akachuluka amatulutsa TNF-alpha ndi mauthenga ena onga IL-6, omwe amavutitsa maselo amoyo oyandikana nawo. Ena mwa iwo amafanso, asilikali ena n'kubweranso. Kutupa kumene anakuuzani n'kumeneko.

Nanga shuga akulowamo bwanji? Insulini ili ngati munthu woima pakhomo n'kumati odi, kwabwera shuga m'magazi, tsegulani alowe. Selo lomwe lili pakati pa phokoso silimva odiyo msanga. Kumafuta insulini imanyamulanso uthenga wina: sungani zomwe muli nazo, musatulutse. Uthenga umenewu ukapanda kumveka, mafuta amayamba kuchucha kulowa m'magazi.

Mukapha mbuzi mumaona mafuta a mitundu iwiri, ena pansi pa chikopa, ena okuta matumbo ngati ukonde. Ifenso tili nawo onse awiri. A m'katiwa ndi ovuta kwambiri, chifukwa magazi ochokera kumeneko amayamba afika kuchiwindi asanapite kwina kulikonse. Chiwindi chimalandira zonse, mafuta ochucha ndi mauthenga ankhondo omwe. Chimayamba kunona, n'kumathira shuga m'magazi ngakhale insulini ikuchiuza kuti basi zakwana. Kachiwalo kotchedwa kapamba, komwe kamapanga insulini, kamangowonjezera kukuwa, ndipo kwa zaka zingapo kamakwanitsa. Pamene mwafika inupa ndi pamene kayamba kusasa mawu.

Pamenepa n'pobwezeka. Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa Diabetes Prevention Program, wa anthu 3,234 omwe shuga wawo anali m'malire ngati inu, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Ena anauzidwa kuti achepetse magawo 7 pa 100 a kulemera kwawo ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Pakati pawo, odwala shuga anachepa ndi 58 peresenti poyerekeza ndi omwe sanathandizidwe chotere. Omwe anapatsidwa mankhwala a metformin anachepa ndi 31 peresenti. Kwa inu magawo 7 pa 100 ndi makilogalamu asanu ndi limodzi ndi theka. Sindikunena kuti mubwerere pa thupi la pa chinkhoswe chanu.

Ndiwonjezere chinthu chimodzi, kuopa kuti mungaganize kuti kutupa ndiye nkhani yonse. Mu 2016 gulu la Samuel Klein ku St. Louis linapeza kuti anthu atachepa ndi magawo 5 okha pa 100, chiwindi, minofu ndi mafuta awo zinayamba kale kumva insulini, pomwe zizindikiro za kutupa m'mafuta zinali zisanatsike. Izo zinadzatsika atachepanso kwambiri. Kupepukidwa kumayamba, asilikali amachoka pambuyo.

Tsiku la mumsika ndimalidziwa. M'mawa tiyi wa masipuni atatu ndi mandasi, masana tchipisi cha pachiwaya, dzuwa likawomba botolo la chakumwa chozizira, ndipo zonsezi muli pampando kudikira makasitomala. Yambirani pa botololo. La mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi masipuni aang'ono 8, pomwe bungwe la WHO limati shuga wothira asapose masipuni ngati 12 pa tsiku lonse, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Nsima musasiye, mungondida chabe. Chotsani mtanda umodzi, ufa ukhale mgaiwa, bonongwe ndi nyemba zichuluke m'mbale. Popita kumsika muzitsika minibasi siteji imodzi kapena ziwiri musanafike. Minofu ikamagwira ntchito imatenga shuga m'magazi osadikira odi wa insulini. Pakatha miyezi itatu mukayezetsenso, ndipo mudzandilembere.

Ndinamva pa wailesi kuti kunenepa kumabweretsa kutupa m'thupi. Ine ndimayendetsa thiraki, mimba yakula, ndipo msana ukamawawa ndimamwa bufeni kapena indosidi. Poti mankhwalawa ndi ochotsa kutupa, ndikamamwa tsiku lililonse sangazimitse kutupa kwa m'mafutako?
*Dalaivala, Mwanza*

Achimwene, ayi. Ndipo ngati mwayamba kale, lekani lero. Mankhwala amenewa akamwedwa tsiku ndi tsiku amaboola zilonda m'mimba, amaononga impso, amakwezanso BP. Munthu wa mimba yaikulu wokhala pa chiwongolero tsiku lonse, wosamwa madzi okwanira poopa kuimaima panjira, ndi amene impso zake sizichedwa kugonja.

Koma ganizo lanulo si lopusa, madokotala akuluakulu analiganizapo. Kale mu 1876 dokotala wa ku Germany, Wilhelm Ebstein, anaona kuti sodium salicylate, m'bale wake wa asipirini, akaperekedwa wambiri amachepetsa shuga m'mkodzo wa odwala. Anthu atazindikira za kutupa kwa m'mafuta anaikumbukira nkhani imeneyi, nayesa mankhwala ofanana nawo otchedwa salsalate. Zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti shuga anatsika pang'ono chabe, ndipo puloteni anayamba kuchulukirako m'mkodzo, chomwe si chizindikiro chabwino kwa impso. Mu 2017 kunatuluka kafukufuku wa CANTOS, wa anthu oposa 10,000 omwe anadwalapo mtima. Anawabaya jakisoni wodula kwambiri wotseka uthenga umodzi wankhondo. Mavuto a mtima anachepa ndi pafupifupi 15 peresenti, koma odwala shuga atsopano sanachepe, ndipo omwalira ndi matenda a tizilombo anachulukirako, poti asilikali anali atamangidwa manja.

Palinso china. Mu 2014 gulu la Philipp Scherer ku Dallas linapanga mbewa zomwe mafuta awo sankatha kuitana asilikali. Sizinakhale zathanzi. Mafuta awo analephera kukula bwino, ndipo otsalawo anakaunjikana m'chiwindi. Nkhata ija ili ndi ntchito yake. Inu thiraki ikalemedwa n'kuyamba kutentha, simuchotsa nyali yochenjeza ija.

Msanawo kauonetseni kuchipatala, ndipo akakuyezeninso BP, shuga ndi impso. Mukamadikira mapepala pachipata, m'malo mogona pansi pa thiraki maola onsewo, muziyendako.

Ndine mphunzitsi wa zaka 52, wochepa thupi chibadwire, ndimalemera makilogalamu 63. Chaka chatha anandipeza ndi shuga. Akazi anga ndi onenepa kwambiri, makamaka m'chiuno ndi m'ntchafu, koma iwo ali bwinobwino. Anthu akuti mwina andilodza. Ngati mafuta ndi amene amayambitsa shuga, bwanji wadwala ndine?
*Mphunzitsi, Dedza*

Aphunzitsi, palibe wakulodzani, ndipo simuli nokha. Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe lofufuza za umoyo la MEIRU linayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe. M'tauni, amayi 44 pa 100 alionse anali olemera kuposa muyezo, pomwe abambo anali 18 okha. Koma odwala shuga anali ofanana, atatu pa 100 alionse mbali zonse ziwiri. Sikelo yokha siinena zonse.

Funso ndi lakuti mafutawo ali pati, ndipo nkhokwe yake ndi yaikulu bwanji. Dokotala wa ku Marseille ku France, Jean Vague, analemba kale mu 1947 kuti kunenepa kwa pamimba, komwe kumakonda abambo, kumayenda ndi matenda kuposa kwa m'chiuno ndi m'ntchafu, komwe kumakonda amayi. Mafuta a m'ntchafu amalandira n'kusunga, satulutsa wamba. Akazi anu ali ndi nkhokwe yaikulu yomangidwa bwino. Anthu ena nkhokwe yawo ya pansi pa khungu ndi yaing'ono, imadzaza msanga, ndiye zotsala zimakasungidwa kuchipinda chogona: m'mimba, m'chiwindi, m'minofu. Kunja munthu akuoneka wochepa, m'kati telala uja wapanikizika kale. Pali anthu ochepa amene amabadwa opanda mafuta a pansi pa khungu n'komwe, ndipo amadwala shuga wovuta kwambiri. Mafuta pawokha si mdani. Kusowa kowasunga ndiye vuto.

Kwa ife kuno pali nkhani inanso. Mu 1992 Nicholas Hales ndi David Barker a ku Britain anafotokoza kuti mwana amene anasowa chakudya ali m'mimba kapena ali wakhanda, thupi lake limamangidwa mokonzekera njala, ndipo kapamba sakula mokwanira. Akadzakula n'kupeza ntchito ya malipiro, buledi ndi tiyi wa shuga m'mawa uliwonse, thupi lija silikwanitsa. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu kuno ku Malawi anali opinimbira. M'nthawi ya ubwana wanu ndi wanga zinthu sizinali bwinopo. Mu 2025 bungwe la International Diabetes Federation linavomereza kuti shuga wobwera chifukwa cha kunyentchera ndi mtundu pawokha, nauika nambala 5. Sindingakuuzeni kudzera m'kalata kuti wanu ndi mtundu uti. Koma ngati vuto lanu ndi kuchepa kwa insulini, kudzimana chakudya kuti muonde sikungakuthandizeni, kungokufooketsani. Kafunseni amene amakuonani kukiliniki ya shuga ngati mankhwala anu akugwirizana ndi thupi lanu, makamaka ngati mukupitirira kuonda, kumva ludzu kapena kukodza pafupipafupi.

Pali kayezedwe kosafuna ndalama. Tengani chingwe, muchidule kutalika kofanana ndi msinkhu wanu, muchipinde pakati, muzungulize pamimba cha pamchombo. Chikapanda kukumana, mafuta a m'kati achuluka. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku Britain, linaika muyezo umenewu m'malangizo ake mu 2022: mimba isapose theka la msinkhu. Ine akazi anga anandiyeza ndi tepi yawo yosokera. Msinkhu masentimita 172, ndiye ndimayenera kukhala pansi pa 86. Tepi inati 95. Anaseka mpaka kugwira khoma.

Koma amayiwo musawasiye chifukwa choti akuoneka bwino. Mwati ali bwinobwino, kodi anayezetsa? Nkhokwe yaikulu nayo imadzaza, makamaka akasiya kusamba, pamene mafuta amayamba kusamukira pamimba. Ulendo wina popita kukiliniki muwatenge.

Ndili ndi zaka 31, ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Ndinaonda kawiri konse koma thupi limabwerera. Panopa ndimavala lamba wothinitsa pamimba kuti ndizituluka thukuta, komanso ndikusunga ndalama zoti akandipope mafuta. Kodi akapopa ndiye kuti shuga ndi BP ndathana nazo? Kwathu mayi anga amadwala zonse ziwiri.
*Mtsikana wa ku Zomba, Johannesburg*

Mwanangu, ndalamazo zisunge ndithu, koma ukagulire njerwa. Funso lako linayankhidwa mu 2004 ndi Samuel Klein yemwe ndamutchula pamwambapa. Amayi 15 onenepa anawapopa mafuta a pamimba okwana pafupifupi makilogalamu 10 aliyense. Patapita masabata 10 mpaka 12 anawayezanso. Insulini inkamvekabe movutikira ngati kale, BP inali yomweyo, zizindikiro za kutupa m'magazi zinali zomwezo. Chifukwa chake n'chakuti chopopera chimangofika pa mafuta a pansi pa khungu. A m'kati aja, ndi a m'chiwindi, sichiwakhudza. Ndiponso maselo otsalawo amakhalabe ofufuma monga analili. Kupopa kumasintha maonekedwe, ndipo ngati ndi zomwe ukufuna, limenelo ndi thupi lako. Koma matenda a mayi ako sikungakutchingire.

Lambayo ndiye taya. Thukuta ndi madzi, ukamwa abwerera. Mafuta satuluka pakhungu. Ruben Meerman ndi Andrew Brown a ku Australia anawerengetsera mu 2014 kuti pa makilogalamu 10 a mafuta omwe munthu wachepetsa, 8.4 amatuluka ngati mpweya kudzera m'mapapo, 1.6 otsalawo ngati madzi. Timaonda popuma mpweya, ndipo timapuma mpweya wambiri minofu ikamagwira ntchito.

Za kubwerera kwa thupi usadzide. Ukaonda leptin amatsika, ubongo umamva ngati kwagwa chilala, njala imakula. Mu 2024 ofufuza a ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland anapezanso kuti maselo a mafuta a anthu omwe anaonda atanenepa amasungabe zizindikiro za kunenepako ngakhale patapita zaka ziwiri, ndipo mu mbewa maselo otere ankafufumanso msanga chakudya chonona chikabwerera. Ndiye njira zoondetsa za mwezi umodzi, zongomwa madzi a mandimu, sizipita patali. Sankha zosintha ziwiri kapena zitatu zomwe ungakhale nazo mpaka ukalamba. Poti mayi ako amadwala, uziyezetsa shuga ndi BP chaka chilichonse kuyambira pano.

Ndakhala ndikumwa ma ARV kwa zaka 9. Chiyambireni mankhwala atsopano aja ndawonjezera makilogalamu 14. Mawondo akuwawa ndipo BP yakwera. Ndikufuna kuchepako koma ndikuopa. Nthawi ija ndinaonda anthu anandinena kwambiri, ena anasiya kugula mandasi anga. Ndikaondanso adzati matenda abwerera. Ndisiye mankhwalawa kapena ndingokhala?
*Mayi wa ana atatu, Mangochi*

Mayi, mankhwala musasiye ngakhale tsiku limodzi. Ndayamba ndi zimenezi kuti ngati magaziniyi ing'ambika pakati, mawu amenewa akhale atakufikani.

Zomwe mwaonazo n'zoona. Dziko lino linayamba kusamutsira anthu pa mankhwala okhala ndi dolutegravir mu 2019, chifukwa amapondereza kachilombo mwamphamvu ndipo sachedwa kugwira ntchito. Chaka chomwecho kafukufuku wa ADVANCE wa ku Johannesburg anaonetsa kuti omwa dolutegravir ankawonjezera thupi kuposa omwa mankhwala akale a efavirenz, ndipo amayi ndi amene ankawonjezera kwambiri. Mbali ina ya kunenepako ndi thupi kubwerera mwakale, mbali ina n'kutinso mankhwala akale aja ankaletsa ena kunenepa. Koma makilogalamu 14, mawondo ndi BP si zongoyang'ana. Kachilombo ka HIV, ngakhale kataponderezedwa, kamasiya asilikali a m'thupi ali tcheru pang'ono nthawi zonse. Mafuta a m'mimba akawonjezerapo phokoso lawo, mitsempha ya magazi ndi imene imavutika. Mukasiya mankhwala, kachilombo kadzadzuka ndipo kutupako kudzakula kuposa kwa mafuta.

Za pakamwa pa anthu ndikuzimvetsa, ndipo sindizipeputsa. Amene tinagwira ntchito m'mawodi zaka za m'ma 1990 tikudziwa chifukwa chake kuonda kumaopsa kuno. Mpaka lero ndikapita kumudzi azakhali anga amandigwira pamimba n'kunena kuti tsopano ndiye ukudya bwino, ndipo ndikachepako pang'ono amanditengera kuseri kukandifunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Mantha omwewa ndi amene amachititsa ena kugula mapilitsi onenepetsa mumsika. Ena mwa mapilitsiwo ndi a mtundu wa dexamethasone, omwe amaunjika mafuta pamimba ndi kumaso, miyendo n'kumaonda, shuga ndi BP n'kumakwera. Mukaona mnzanu akumwa, muchenjezeni.

Inu simukufunika kuonda koti anthu aone. Makilogalamu anayi kapena asanu pa miyezi isanu ndi umodzi saonekera pa chitenje, koma mawondo ndi chiwindi zidzadziwa. Mandasi muzigulitsa, musamalawe aliyense wotuluka m'chiwaya. Nsomba muli nazo pafupi, muziphika kapena kuotcha m'malo mokazinga, mchere muchepetse chifukwa cha BP. Ulendo wotsatira wokatenga mankhwala, musangolandira botolo n'kutuluka. Auzeni za makilogalamu 14 aja, apempheni akuyezeni shuga ndi BP, ndipo alembe m'buku lanu la kuchipatala kulemera kwanu ndi kukula kwa mimba, kuti ulendo winawo mudzakhale ndi poyerekezera.